Theka la umboni wanga pa chisankho cha maloya

Linali Loweruka lomaliza la Okutobala chaka chatha, nthawi itangokwana naini koloko m'mawa, pamene ndinatuluka m'nyumba mwathu ku Chawama nditavala suti yakuda. Amake Tamara anandiperekeza mpaka pageti, ndipo mawu awo otsiriza anali akuti ndikakhale kumbuyo, pakamwa ndikatseke. Ndinawakumbutsa kuti pa zaka makumi atatu za ukwati wathu sanandionepo ndikulankhula pagulu ndisanafunsidwe. Zimenezo zinali zoona. Tsoka lake, tsiku limenelo ndinafunsidwa.

Ine ndine munthu wa mawu ochepa. Ntchito yanga ndi yosunga katundu m'nyumba ina yaikulu ku mafakitale, ndipo kumeneko wolongolola ndi amene amasokoneza makatoni. Sukulu ndinalekera Fomu Faifi. Mwana wanga woyamba, Tamara, anapitirira pamene ine ndinalekera mpaka anakhala loya. Maloya achinyamata ali ndi bungwe lawolawo, ndipo chaka ndi chaka amasankha atsogoleri. Tamara anaima pa udindo wa mlembi. Iye atatsiriza maphunziro anakhala chaka chathunthu osapeza koyambira ntchito, ndiye ankafuna kuti bungwelo lizithandiza ongotsiriza kumene kuti asamavutike chimodzimodzi. Miyezi iwiri anayenda m'maofesi a anzake mpaka anaonda. Akabwera kudzationa Lamlungu, ngakhale umufunse za mvula, yankho linkathera ku chisankho.

Kutatsala sabata imodzi ndinamufunsa kuti adzamulankhulira ndani. Anaseka.

"Nizazikambira nekha, Atate. Aliyense bamupatsa mamineti faifi."

Zimenezi zinandivuta. Ife a ku Chawama ochokera ku Katete tili ndi kabungwe kathu kothandizana pa maliro, ndipo zisankho zake ndakhala ndikuyendetsa ndine kwa zaka zambiri. Kwathuko munthu akatchulidwa dzina amatuluka, kukaima kuseri kwa tchalitchi chimene timasonkhanamo. Kenako mkulu wa pabanja pake amaimirira kuti amuyale. Kuyala munthu kuli ndi dongosolo lake. Umayamba ndi zoipa zake, zonse, osabisa, kuti mawa wina asadzati simunatiuze. Ukatsiriza umapuma pang'ono, kenako umanena zabwino, ndipo poti anthu akumva kale ukunena zoona zowawa, zabwinozo amazikhulupirira. Wogulitsa njinga woona mtima amayamba ndi kukuuza kuti mabuleki sagwira. Koma munthu wodzitamanda yekha ife sitimusungitsa ngakhale kiyi wa kachipinda ka mabenchi.

Ndinamufotokozera Tamara zonsezi. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati maloya sachita choncho. Anandiitana kuti ndidzangoonerera ndili kumbuyo, tidzadyere limodzi zikatha. Ndinavomera ndi mtima wonse. Komabe sabata yonseyo, m'minibasi popita ku ntchito, ndinkangopezeka ndikusanja m'mutu: zoipa zinayi, zabwino zitatu. Sindinkafuna kukazinena kulikonse. Ndinkangosanja basi (munthu wozolowera mashelefu, chinthu chikakhala pansi amachinyamula).

Chisankho chinali mu holo ya hotela ina m'tauni. Minibasi inanditsitsa patali ndithu, ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Ndisanalowe ndinaima pamthunzi kupukuta thukuta ndi nsapato. M'manja ndinali ndi chikwama changa chachikopa. Mukanachiona mukanati muli mapepala a milandu, koma munali nsawa zokazinga zimene amake anatumizira mwana wawo.

Pakhomo la holo panali mtsikana wolembetsa olowa. Atangoona imvi, suti ndi chikwama, anaimirira msanga nati akhala akundiyembekeza. Mtima wanga unakoma, ndinati kodi Tamara wawauza za ine. Anafuna kundinyamulira chikwama, ndinakana chifukwa cha nsawa. Ananditsogolera, osati kumbuyo ayi, koma kutsogolo kwenikweni, pathebulo la nsalu yoyera pamene panali maluwa ndi mabotolo a madzi. Anyamata ovala mataye ankaimirira ndikamadutsa. Ndinati mumtima, ana awa analeredwa bwino.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi: bungwelo limaitana loya mmodzi wamkulu kuti adzaonerere chisankho, ndipo mkulu wa chaka chimenecho anali atachedwa pamsewu. Mtsikana wa pakhomo sankamudziwa nkhope. Palibe anandifunsa dzina, ndipo ine sindiuza munthu dzina langa asanandifunse.

Oima pa maudindo analowa pamzere. Tamara atandiona pathebulo paja anaima chilili, mnzake wa kumbuyo mpaka anamugunda. Anayamba kundikodola ndi dzanja chapansipansi kuti ndichoke. Ine ndinayesa akundipatsa moni, ndinamubwezera ndi dzanja langa, kenako ndinakhala bwinobwino.

Woyendetsa chisankho anali mayi wachitsikana dzina lake Ba Mutinta, ndipo anali ndi kabelu konga ka kusukulu. Anawerenga malamulo m'Chingerezi chothamanga. Chingerezi ndimachimva, koma nthawi imeneyo ndinali pankhondo ndi chivindikiro cha botolo la madzi chimene chinkakana kutseguka. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti munthu amene si wa m'bungwe akalankhulira woima pa udindo muholomo, woimayo achotsedwa pa chisankho. Lamulo limeneli linandidutsa botolo lili pakati pa mawondo.

Itafika nthawi ya mlembi, woyamba kulankhula anali wopikisana ndi Tamara, mnyamata wamtali wotchedwa Mulenga, wa suti yabuluu ndi nsapato zopanda masokosi. Mwana ameneyo amatha kulankhula. Anati m'kalasi mwawo woyamba anali iye, akuluakulu onse a m'makhoti amamudziwa, ndipo bungwe likufunika munthu ngati iye. Ine ndinayang'ana pansi kuwachitira manyazi makolo ake. Koma anzake anaomba m'manja mwamphamvu, ena mpaka likhweru.

Tamara anaimirira ndi kapepala kamodzi. Ananena zimene adzachite, chakuti ndi chakuti, mwezi wakuti. Za iye mwini sananenepo kanthu, ndipo anakhala pansi belu lisanalire. Anamuombera m'manja, inde, koma m'makutu mwanga zinamveka ngati mvula yowaza. Ndinati basi, mwana wanga wagwa, ndipo wagwa chifukwa alibe womuyala.

Pamenepo Ba Mutinta anatembenukira kwa ine, nawerama pang'ono, nafunsa ngati akuluakulu ali ndi mawu pa awiriwa anthu asanavote. Anandiikira maikolofoni m'manja.

Taonani, abale. Ndinali nditakhala pamene anandikhazika. Ndinafunsidwa mwaulemu, pagulu. Ndipo mawuwo anali osanjidwa kale.

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete. Ndinalankhula m'Chinyanja, chifukwa nkhani yolemera siyenda bwino m'chilankhulo chobwereka. Ndinati za mnyamatayu sindinganene kanthu poti makolo ake sindiwadziwa, koma uyu ndi mwana wanga, ndinamubala ndine. Ndinapempha Tamara kuti ayambe watuluka panja monga mwa mwambo. Sanatuluke. Anangophimba nkhope ndi kapepala kaja. Ndinati palibe kanthu, ndinayamba.

Choyamba, ndinati, mwanayu ndi wamakani. Ali Giredi Seveni anaimitsa minibasi yonse pa siteshoni ya ku Chawama, chifukwa kondakitala analonjeza anayi pampando koma anaikapo wachisanu. Anaima pakhomo la basi osalowa, osatuluka, mpaka wachisanuyo anatsika. Tonse tinachedwa ku maliro a malume ake.

Wina kumbuyo anaseka nadzigwira pakamwa. Ine ndinapitiriza, poti kwathunso anthu amaseka pa gawo limeneli.

Chachiwiri, saiwala, ndipo choipitsitsa nchakuti amalemba. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anayamba kulemba m'kope zokambirana za pabanja. Tsiku lina nditakana kuti sindinalonjezepo kuwatengera ana kumudzi pa Khirisimasi, anakatenga kopelo nawerenga mawu anga, tsiku lake ndi nthawi yake, pamaso pa alendo. Chachitatu, amavutitsa anthu ndi foni. Mukapangana eyiti koloko, iye amakuimbirani sikisi kukukumbutsani, seveni kufunsa ngati mwanyamuka. Mlongo wake anasintha nambala. Chachinayi, ndinati, ndinene poyera kuti pasadzakhale wodandaula: kuphika sikwake. Nyemba zake ukazithira m'mbale zimalira.

Apa holo yonse inali itagwa ndi phwete. Mtsikana wina anagona pathebulo mapewa akugwedezeka, ndipo mafoni angapo anali m'mwamba kundijambula. Ine ndinali wokhutira. Gawo lovuta linali litatha bwino. Ndinapuma monga mwa dongosolo, ndinamwa madzi, kukonzekera zabwino zitatu.

Pa kupuma pomwepo zinthu zitatu zinachitika. Belu linalira. Mulenga anaimirira dzanja lili m'mwamba. Ndipo chitseko chinatseguka, nalowa bambo wonenepa wa imvi, wa suti yakuda ndi chikwama chachikopa, akupepesa za kuchedwa. Mtsikana wa pakhomo anali pambuyo pawo, akuyang'ana iwo, kuyang'ana ine, kuyang'ananso iwo.

Ba Mutinta anandifunsa motsitsa mawu kuti kodi ndimagwira ku ofesi ya maloya iti. Anaiwala kuti maikolofoni inali pafupi. Ndinayankha zoona, kuti ndimasunga katundu ku mafakitale, makamaka sopo ndi mafuta ophikira. Anandichotsa pathebulo la maluwa mwaulemu wonse, nandikhazika pampando wapulasitiki pakati pa holo.

Mulenga anawerenga lamulo lija pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno ndinalimva lonse. Anapempha kuti Tamara achotsedwe. Kuseka kunatha. Ndinayang'ana mwana wanga, ndinakumbukira miyezi iwiri ija ndi mmene anaondera. Ndinaganiza kuti njira yokonzera zinthu ndi kuwaonetsa anthuwa kuti mwanayo ndi woyenera. Ndinakweza dzanja, ndinati andilole nditsirize, zabwino zake zatsala.

"Atate, osakamba!" Tamara anadumpha pampando. Chibadwire anali asanandikuwirepo.

Wolowa mochedwa uja, amene anali loya wamkulu weniweniyo, atafotokozeredwa nkhani yonse, anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. Ndikukhulupirira ankabisa kuseka. Anati poti muholo mwadzaza maloya, nkhaniyi iweruzidwe bwinobwino, mbali iliyonse ifunse mboni mafunso. Mboniyo ndinali ine.

Anayamba Mulenga. Anafunsa ngati ndinabwera ndikufuna kuti mwana wanga apambane. Ndinati inde. Anafunsa ngati mawu aja ndinachita kuwakonzekera. Ndinati inde, sabata yonse, m'minibasi. Anatambasula manja kuyang'ana anzake ngati munthu amene wapha mbewa ziwiri ndi khasu limodzi, nakhala pansi.

Kenako anaimirira Tamara. Manyazi aja anali atachoka. Anayenda mpaka patsogolo panga, manja kumbuyo, ndipo sananditchule kuti Atate.

"Ba mboni, muziyankha inde kapena ayi chabe. Munakamba kuti nili na makani?"

"Inde."

"Kuti nimavutitsa banthu na foni?"

"Inde."

"Kuti nyemba zanga zimalira?"

"Mwana wanga, zimenezo..."

"Inde kapena ayi."

"Inde."

"Munauzako munthu aliyense muno kuti anivotere?"

"Ayi."

"Pa vonse vamene mwakamba muno, mwakambapo chabwino olo chimodzi pali ine?"

Zabwino zitatu zinali pakamwa panga penipeni, zosanjidwa, zoyera. Ndinayamba kunena kuti ndinali ndisanafikepo, koma maso amene anandiyang'ana nawo ndi aja a pakhomo la minibasi. Ndinazimeza zonse zitatu.

"Ayi."

Anatembenukira kwa Ba Mutinta. Anati lamulo likuletsa mlendo kulankhulira woima pa udindo, koma mboniyi sinamulankhulire, yamugwetsa. Ndipo ngati komiti ikuona kuti mawu a mboni anali kampeni, ndiye ione bwino kuti kampeniyo inathandiza ndani. Woima winayo ndi mmodzi yekha, ndipo lamulo likuti wolankhuliridwayo ndiye achotsedwe.

Holo inaphulika. Ena ankamenya mathebulo. Mulenga anaimirira mofulumira kuposa poyamba, akuseka nayenso, nati dandaulo lake walichotsa, ndipo bamboyu sanamutume ndiye, sanamuonepo chibadwire. Loya wamkulu anati pa zaka zake zonse m'makhoti anali asanaonepo mboni yowononga mbali yake yomwe modekha chotero. Chigamulo chinali chakuti Tamara apitirire, koma mboni ikadikire panja mpaka kuvota kuthe.

Choncho amene anatuluka kukaima kuseri ndinali ine. Ndinakhala pakabenchi ka alonda a pamalo oimika magalimoto. Anali bambo a msinkhu wanga, a ku Petauke. Ndinawafotokozera nkhani yonse, iwo anapukusa mutu nati ana a masiku ano belu amaliliza msanga. Nsawa za Tamara tinadya tonse awiri mpaka zinatha (amake sakudziwa mpaka lero, pokhapokha atawerenga pano).

Patapita ola ndi theka ndinamva phokoso, zitseko zinatseguka. Tamara anali atapambana. Anyamata ndi atsikana ankabwera kudzandigwira chanza, onse akunditchula kuti Ba Mboni. Mmodzi anandiuza kuti poyamba voti yake inali ya Mulenga, koma atamva za kope lija anasintha, chifukwa mlembi wawo wakale ankati akafunsidwa za msonkhano wapita amangokanda mutu. Wina anati za foni ya sikisi koloko ndizo zinamukopa. Za nyemba palibe anaziteteza.

Mulenga nayenso anabwera. Ndi mwana wabwino, ndinamuweruza msanga chifukwa cha masokosi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri nati, "Ba tata, nipempha chabe chimodzi. Nikwatira mu Disembala. Osakumana na bapongozi banga."

Tamara anali atazingidwa ndi anzake. Pa chakudya anandikhazika pafupi naye, nandipakulira yekha, koma mawu ake kwa ine anali awiri okha: "Tizakambirana, Atate." Nditadya, ndinatsanzika dzuwa likadalipo.

Kunyumba ndinapeza nkhani itafika kale. Mwana wa aneba anali atawaonetsa amake Tamara kanema wake pafoni, kawiri. Za thebulo la maluwa sanandifunse. Chimene chinawapweteka ndi nyemba. Anati kodi anthu onse aja akuganiza kuti mwanayo anamuphunzitsa kuphika ndani. Chakudya cha madzulo anandipatsa, koma mbale anaiika pathebulo mwamphamvu.

Ine chinkandivuta chinali china. Funso lomaliza lija la Tamara linali la mlandu, ndikudziwa. Koma linanditsatira mpaka kunyumba. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinamuuzapo mwanayu chabwino chake, pamaso ndi pamaso, ndipo sindinalipeze. Kwa aneba ndimanena, kuntchito amachita kutopa nazo. Koma pa mwambo wathu uja zabwino zimanenedwa mwini wake ali kuseri kwa tchalitchi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyendetsa dongosolo limeneli osaona kuti woyalidwayo sazimva.

M'mawa mwake, Lamlungu, ndinaphonya mapemphero oyamba. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, kenako ina ya ku Kalingalinga kumene Tamara amachita lendi. M'njira ndinatsimikiza kuti kuyambira tsopano ndiziyamba ndi zabwino, poti munthu sudziwa kuti belu lilira liti.

Anatsegula chitseko ali chivalire chitenje, maso ali otupa ndi tulo. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzatsiriza umboni. Anateleka tiyi, nandipatsa mpando. Ndinakana kukhala. Zinthu zimenezi zimanenedwa choimirira. Anakhala ndiye, kapu ili m'manja.

Ndinati choyamba, chaka chija analibe ntchito, ankadzuka tsiku ndi tsiku kuyenda pansi kuchoka ku Chawama mpaka m'tauni ndi makalata ake, ndipo pobwera ankayamba wasamba kumaso pampopi kuti ang'ono ake asaone kuti walira. Iye ankayesa sindinkaona. Ndinkaona.

Chachiwiri, amayi a m'komboni mwathu mu Chawama akagogoda ndi mapepala amene sakuwamva, amakhala nawo pakhonde, nawawerengera m'chilankhulo chawo mosathamanga, ngakhale atatopa, ndipo sanapangitsepo mmodzi wa iwo kudziona wopusa.

Tamara anali atayang'ana m'kapu, osaphethira. Ndinapuma kuti ndinene chachitatu, chimene chili chachikulu pa zonse. Chinakwera bwinobwino mpaka pakhosi, ndipo pamenepo chinakana. Ndinayesa kawiri. Kenako ndinakhala pansi, ndinatenga kapu yanga, ndinamwa kamodzi, ndinamuuza kuti shuga wachepa.